Zipinda Zimene Adada Sanatseke

Msongwe, Mzuzu
5 Juni 2023

Adumbu Tumbikani,

Monire. Muli uli kunyanja yanu yamchereyo? Ife kuno tadzuka, ngakhale kudzuka kwake n'kongotsegula maso. Ndikudziwa kuti pa sitima yanu makalata amalowa mwa apo ndi apo, ndiye iyi ikakupezani muyankhe msanga, musachite zanu zija zoyamba mwaganiza sabata yathunthu.

Mwezi watha chiwaikireni adada, ndipo amama sakudya. Tiyi amamwa theka la kapu. Phala amalawa masipuni awiri n'kukankhira mbale kutali ngati ndawaikira sopo. Kuchipatala akuti m'thupi mulibe vuto lina kupatula matenda awo oiwala aja. Zaka zonsezi adada ndiwo ankadya nawo awiriwiri pakhonde, ine ndili kusukulu ndi ana anga a sitandade 4, ndipo sindinafunsepo kuti amatani kuti mbale izibwera yopanda kanthu. Ndinkayesa kuti munthu akamva njala amadya basi.

Asibweni a Zebedee anabwera Loweruka kuchokera ku Nkhata Bay. Ataona mmene mlongo wawo wawondera analira. Anena kuti pa 1 Julayi abwera ndi galimoto, ndipo akadzapeza zinthu zili chonchi adzawatenga amama kupita nawo kumudzi. Sindingawatsutse, adumbu, koma ndikuopa. Amama dzina langa amaliiwala, la inu amaliiwala, koma nyumba ino amaidziwa ndi mapazi. Amadziwa pamene simenti inang'ambika, amadziwa kuti chitseko cha kukhitchini chimafuna phewa. Akawachotsa muno adzatsala opanda chilichonse chimene akuchidziwa padziko.

Nkhani ina ndi ya kakompyuta ka adada, kaja munawatumizira kofanana ndi sopo wosambira. Kakuyakabe pa batire ya sola, kagetsi kake kobiriwira kakuphethira. Pagalasi palibe kanthu, mdima wokhawokha ndi kamzere kamodzi kothwanima. Amama amakhala pampando wa adada masana onse kukayang'ana kamzereko. Ndikawafunsa amati, "Akubwera, asiya nyale." Ndikuganiza zokathimitsa kuti mwina mtima wawo uchoke pamenepo. Mukuti bwanji?

Ine mlongo wanu,
Walusungu

Panyanja, kufupi ndi Walvis Bay
10 Juni 2023

Walu,

Ndili bwino, yewo. USATHIMITSE. Ndalemba ndi zilembo zazikulu dala chifukwa ndikukudziwa, dzanja lako limathamanga kuposa mutu.

Galasilo likuoneka lopanda kanthu koma m'kati muli zinthu. Adada ankagwiritsa ntchito pulogalamu yotchedwa tmux. Imagawa galasi limodzi kukhala zipinda zingapo, chilichonse ndi ntchito yake, ndipo munthu ukhoza kutulukamo n'kukoka chitseko, ntchito zija n'kumapitirira zokha ngakhale palibe akuziona. Adada akamapita kukagwira zina ankangokoka chitseko choncho. Iwe lemba tmux attach, udine batani lalikulu la Enter, ndipo zonse zibwera mmene anazisiyira. Koma zipindazo zimakhala ndi moyo pokhapokha kakompyutako kakuyaka. Moto ukangothima kamodzi, zapita.

Chenjezo langa ndi ili. Adada anali ndi chizolowezi choipa cholemba masiku angapo osasunga. Ukapeza chipinda chimene muli zolemba zawo, yang'ana pansi pafupi ndi dzina la fayilo. Pakakhala kamtanda, ndiye kuti zimenezo sizinasungidwe. Usakhudze batani lililonse m'chipinda chimenecho, chifukwa m'pulogalamu yawo yolembera chilembo chilichonse ndi lamulo, ndipo china chimafufuta mzere wathunthu osakufunsa. Ungondiuza zimene waona.

Chimene ndikufuna kwambiri ndi kaundula wa mvula. Adada anayamba kuyeza mvula ya pa Msongwe tsiku limene anapuma ntchito ya zanyengo, ndipo sanaphonyepo. Chilichonse chonditumizira uziyamba wachifinya kuti chichepe, chifukwa makalata a pa sitima salola katundu wolemera. Umalemba gzip kenako dzina la fayilo.

Ukasochera, pali buku la malangizo m'kati momwemo. Umalemba man ndi dzina la chinthu, tsamba lake limatseguka. Adada ankalembanso masamba awoawo m'Chichewa. Yesa man batire, useke.

Amama uwagulire nthochi zakupsa, ankazikonda. Uwapatse moni.

Tumbikani

Msongwe
13 Juni 2023

Adumbu,

Monire. Kalata yanu ndaiwerenga kawiri, ndipo kachiwiri ndinkawerengera mizere. Kompyuta mwaipatsa tsamba lathunthu, mayi anu mwawapatsa nthochi. Yewo chomene. Nthochizo ndinagula, zikuda pawindo.

Komabe ndinachita zimene munanena. Ndinalemba mawu aja ndi chala chimodzi, amama ali pambali panga, kunja chifunga chitaphimba mitengo ya paini moti nyumba ya a Hudson oyandikana nafe sinkaoneka. Nditadina batani lija, galasi linatseguka ngati munthu wakoka katani. Zipinda zinayi, adumbu. Chakumwamba muli wotchi ya manambala akuluakulu abuluu, ikuyendabe, yakhala ikuwerenga maola onse a maliro ndi a mwezi wonsewu yokhayokha mumdima. China muli mvula yanu ija, mzere womaliza ndi wa pa 3 Meyi, tsiku limene adada anagwa m'munda. Chachitatu n'chopanda kanthu, ndimo muli kamzere kothwanima, ndimo ndingalembe. Amama atangoona wotchiyo anamwetulira koyamba chichitikireni maliro, nati, "Ndinakuuza." Ine ndinatuluka kukalirira kuseri kwa thanki.

Chachinayi ndicho chandisowetsa mtendere. Muli zolemba za adada, ndipo dzina la fayiloyo pansi ndi amama.7, pambali pake pali kamtanda kaja. Ndi tsamba la malangizo ngati la batire lija munanena, koma la amama. Pamwamba analemba kuti, "DZINA: Esme, mkazi wanga, ndi mmene mungakhalire naye ine kulibe." Kenako pali mutu wa KUDZUKA. Akuti tisawatsegulire katani, atsegule okha, chifukwa ndi mmene amadziwira kuti nyumba ndi yawo. Ndayesa dzulo ndi lero, ndipo adzuka osakalipa. Pali wa KUSAMBA. Ndipo pansi penipeni, pamene galasi lathera, pali mutu wakuti KUDYA. Mutu wokha. Zotsatira zake zili kunsi kumene sindingaone.

Ndakhala pampandowo manja ndili nawo m'khwapa kuopa kuti angandipereke. Yankho la amama lili pansi pa mzere umodzi, ngati ndiwo zili m'poto wovundikira ine ndili ndi njala. Ndiuzeni batani lotsikira pansi ndi losungira. Lero lomwe, chonde.

Walu

Nkhata Bay
18 Juni 2023

Wokondedwa mphwanga Tumbikani,

Ndikupereka moni m'dzina la Ambuye. Kalatayi andilembera pa foni ndi a Rejoice, mlembi wa mpingo wathu, chifukwa maso anga ndi tizilembo ta pafoni sitigwirizana.

Ndamva kuti mlongo wako akudandaula ngati ine ndikufuna kulanda mayi wanu. Ayi. Esme ndi mlongo wanga, ndinamubereka kumsana ali khanda. Ndinamuona mwezi uno, mikono yake yatsala ngati bango. Kuno kuli azimayi anayi oti azisinthana pomusamala, pamene uko Walusungu ali yekha ndiponso ali ndi ntchito ya sukulu. Ndinapeza mwanayo akuyang'ana galasi la malemu mlamu wanga m'malo moyang'ana poto. Sindikumunena, chisoni chimagwira aliyense mwa njira yake. Koma munthu sadya magetsi.

Tsiku ndi lomwe lija, pa 1 Julayi. Ngati uli ndi mawu, unene lisanafike.

Ine sibweni wako,
Z. Manda

Msongwe
22 Juni 2023

Adumbu,

Monire, ngati muliko. Masiku asanu ndi anayi opanda yankho. Kapena mwakwiya ndi nkhani ya nthochi ija? Ngati ndi choncho pepani, mudzakwiye bwino mu Ogasiti, panopa ndilibe nthawi.

Dzuwa latitaya. Mukukumbukira Juni wa ku Mzuzu? Kamvula kowaza kosamveka padenga, kongonyowetsa tsitsi. Chifunga chimalowa mpaka pakhonde, anjinga zamoto amayatsa nyale masana, ndipo popita kusukulu ndimamva ana akuseka kutsogolo koma osawaona mpaka nditawagunda. Sola sikugwira kanthu. Ndinatsegula man batire monga munanena, ndipo sindinaseke. Adada analemba kuti batireyi ndi nkhalamba ngati iwo, ikatsika pa 11.5 imayamba kulira ndipo ikalira imakhala yatsala ndi mphindi zochepa. Lero m'mawa inali pa 11.9. Ndachotsa mababu onse ndi wailesi, foni ndikutchajira kusukulu. Moto wonse wa nyumba ino ukupita kwa kakompyutako.

Amama tsopano akugona masana pampando uja, bulangete mpaka m'khosi, nkhope yawo ikuoneka yabuluu ndi kuwala kwa wotchi. Dzana ine ndinatsamira tebulo nditabwera kuntchito, tulo n'kundiba. Ndinalota nyumba yathu ili ndi zipinda zambiri kuposa zimene tinamanga, chilichonse chili ndi nyale, ndipo m'chipinda chilichonse adada anali atangotulukamo kumene, mpando ukadali wofunda. Ndinkamva akutsokomola chipinda chotsatira. Nditadzuka ndinapeza amama akundisisita mutu, akundifunsa kuti ndine mwana wa ndani.

Akuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene ananena zimenezo analibe batire ya pa 11.9.

Walu

Msongwe
27 Juni 2023

Adumbu,

Ndawononga. Ndiyambe ndi zimenezo kuti musavutike kuwerenga ndi chiyembekezo.

Loweruka cha m'ma 3 koloko masana batire inayamba kulira. Ndinaona kuti ndikadikira inu zonse zipita, ndiye ndinakhala pansi n'kuyamba kugogoda. Ndinalemba man kusunga, akuti palibe. Ndinalemba man kutsika, palibe. Man thandizo, palibe. Zinali ngati ndikuyenda pamzere wa nyumba m'chifunga kuitana odi, osayankhidwa. Kenako ndinalemba man kulemba, ndipo chitseko chinatseguka. Mawu a adada enieni, adumbu, ndi nthabwala zawo zomwe: "Amos, ukalamba ndipo udzaiwala, ndiye tamvera." Analemba mabatani owolokera kuchipinda china, ndi osungira. Ndinawoloka. Ndinadina batani la Esc, ndinalemba :w monga ananenera. Kamtanda kaja kanachoka.

Apa ndi pamene ndinapusa. M'malo motsika pansi kuti ndiwerenge za kudya, ndinakumbukira mawu anu akuti chilichonse ndiyambe ndachifinya. Batire ikulira, amama akufunsa kuti ndani akuimba belu, ine mutu utazungulira, ndinaganiza kuti kufinyako ndiye kusunga kwenikweni. Ndinabwerera kuchipinda chopanda kanthu n'kulemba gzip amama.7. Nditangodina, galasi linathima.

Dzuwa latuluka dzulo. Ndayatsa. Ndalemba tmux attach, akuti palibe zipinda. Wotchi ija kulibe. Amama anayang'ana galasi nthawi yaitali, kenako anadzuka n'kukagona kuchipinda, ndipo kuyambira pamenepo ngakhale tiyi akukana. Fayilo ya amama.7 kulibenso. Pali ina yotchedwa amama.7.gz, ndipo nditaitsegula ndinapeza zinyalala zokhazokha, tizilembo tosweka ngati mapazi a nkhuku pamatope. Palibe liwu ngakhale limodzi la adada. Ndawafinya mpaka ndawaphwanya.

Ndaikopera pa fulashi ndipo mphunzitsi mnzanga Temwa wandithandiza kuiphatikiza pa kalatayi. Ndikukutumizirani kuti muone nokha zimene mlongo wanu wachita. Ndayamba kulongedza zovala za amama. Sindikudziwa ngati ndiike majuzi, kumudzi n'kotentha.

Walu

Walvis Bay
30 Juni 2023

Walu, mlongo wanga,

Masula chikwamacho. Sunaphwanye kanthu.

Tinali kutali kumwera milungu iwiri ndi theka, chipangizo cholandirira makalata chitafa, ndipo makalata ako atatu ndi ya asibweni andipeza limodzi lero titangokocheza. Ndawawerenga motsatana nditaima padoko, anzanga akundifunsa ngati kwagwanso maliro ena. Sindinakwiye ndi za nthochi. Unanena zoona. Ndinalemba za mvula chifukwa za amama sindinkadziwa poyambira. Adada ndinalephera kudzawaika, ndipo manyazi amenewo ndimawabisa m'mawaya.

Fayilo yofinyidwa imaoneka choncho kwa aliyense. Ili ngati bulangete lopindidwa n'kumangidwa ndi chingwe, maluwa ake suwaona mpaka utalimasula. Gzip ikamanga mtolo imachotsa chakale n'kusiya mtolowo, ndipo ndine wolakwa kuti sindinakuuze. Ndiponso masamba onse a malangizo amasungidwa ofinyidwa chomwecho, man amadziwa kumasula yekha. Lemba man -l amama.7.gz ndipo tsamba lonse litseguka, loyera bwino kuposa mmene unalionera. Ukanapanda kusunga Loweruka lija, bwenzi lero tilibe kanthu. Zipinda zapita, zimenezo sindingakunamize, sizibweranso. Koma mawu unawatulutsa nyumba isanagwe.

Mwina batire yakuvutanso, ndiye ndikukopera pano mutu umene ukufuna, mmene adada analembera:

"KUDYA. Musamunyengerere. Mayi ameneyu anaphikira ana asukulu yogonera komweko zaka makumi awiri ndi ziwiri, sapemphedwa kudya ngati mwana. Musamupatse mbale yakeyake, amaganiza kuti ndi ya mlendo ndipo amaisunga. Mbale ikhale imodzi, masipuni awiri, pakhonde, inu mukhale kumanzere kwake. Yambani ndinu kulawa. Mukalawa, gwetsani nkhope ndipo munene kuti mchere mulibe. Adzalawa kuti akutsutseni. Musagonje msanga. Nenani kuti mbali yanuyi ndiye mulibe, alawenso kumeneko. Mkangano ukatalika, mbale imatha. Ine ndakhala ndikunamizira mchere zaka zinayi ndipo Mulungu andikhululukira."

Kumapeto kwa masamba otere kumakhala mutu wa zolakwika zimene wolemba akuzidziwa. Adada pamenepo analemba mzere umodzi: "Njira zonsezi zimafuna munthu wokhala naye, ndipo ine sindidzakhalapo nthawi zonse." Pansi pake, pa mutu wa ONANINSO, pamene ena amalozera masamba ena, analemba dzina lako ndi langa.

Ndapempha tchuthi. Sindikulonjeza tsiku mpaka atasaina. Asibweni ndawayankha ndekha, ndawapempha kuti mawa asafulumire kukweza katundu.

Ine mlongo wako,
Tumbikani

Msongwe
2 Julayi 2023

Adumbu,

Monire, ndipo yewo. Kalata yanu inalowa dzulo m'mawa ndikukolezera mbaula, asibweni ali kale panjira.

Anafika cha m'ma 11 ndi galimoto ya mpingo, matiresi atayala kumbuyo. Ndinawapempha kuti adye kaye. Anati sanabwerere kudya, koma anakhala pa mpando wa ndalema pakhonde, chipewa chili pabondo. Ndinali nditaphika mbalagha, nthochi zosapsa ndi nyama ya mbuzi, ndipo mchere ndinathira wokwanira bwino, ndinalawa katatu.

Amama ndinawatulutsa atatsamira paphewa langa. Sakulemera, adumbu, mudzaona nokha. Ndinaika mbale imodzi pakati pathu, masipuni awiri, ine kumanzere. Iwo maso anali kumitengo, kumene chifunga chinali kukwera pang'onopang'ono kusiya nthambi zikudontha. Ndinalawa. Ndinakwinya nkhope mmene ndingathere, ndinati, "Ii, koma muno mchere mulibe."

Palibe chinachitika. Asibweni anatsokomola n'kuyang'ana dalaivala. Ine ndinaona kuti mwina mankhwalawa ankagwira m'manja mwa mwini wake yekha. Ndinalawanso, ndipo ulendo uno ndinaponya sipuni m'mbale mwamwano, mmene adada ankaponyera sipanala ikawakana. Ndinati, "Amene waphika izi sanaphunzire."

Amama anatembenuka. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anatola sipuni, anatapa, anatafuna nthawi yaitali maso ali m'mwamba.

"Mchere ulimo," anatero.

"Mbali yanuyo kapena. Kuno mulibe."

Anatambasula dzanja n'kutapa mbali yanga. "Ulimo chomene. Lilime lanu ndi limene linafa."

Tinakangana, adumbu. Ndinanama ngati wogulitsa zovala za salaula. Ndinati nyamayi ndiye yosakoleretsa, analawa nyama. Ndinati msuzi wapansi ndi madzi enieni, anapendeketsa mbale n'kumwa. Asibweni poyamba ankandiyang'ana ngati ndapenga, kenako anayamba kuseka, kenako kusekako kunasanduka zina, anaphimba nkhope ndi chipewa. Atachotsa chipewacho anapita kugalimoto n'kuuza dalaivala kuti matiresi aja awatsitse, akhale kuno, adzagonapo iwo akamabwera kudzationa. Akuti abweranso pakatha milungu iwiri ndi sikelo, ndipo ndikudziwa kuti sakuseka.

Tsamba lonse ndalitsegula ndipo ndalikopera m'kope ndi bolopeni, sindikufunanso za batire. Ndi lalitali. Muli zinthu zimene sindinkadziwa kuti adada ankachita tsiku ndi tsiku ife tikuyesa kuti akungosewera ndi mawaya. Mukabwera mudzatenge mitu yanu ya m'tsambali, sindingathe yonse ndekha.

Chimodzi chokha adada sanalembe, mwina sankachidziwa. Mbale ili pafupi kutha, amama anapukuta pakamwa ndi nsonga ya chitenje, n'kundigwira dzanja mwamphamvu. Anandiyang'ana m'maso momwe, nkhope yawo ili mbee ngati ya mtsikana, nati, "Amos, munali kuti masiku onsewa? Ndimadikira."

Ndinayang'ana asibweni, iwo anayang'ana pansi. Ndinafuna kunena kuti ndine Walusungu, mwana wanu, adada anatisiya. Koma m'mbale munali mutatsala kachidutswa kamodzi ka nthochi, ndiye ndinakakankhira mbali yawo.

Ndinati, "Ndabwera, Esme. Koma aka ndiye mchere mulibiretu."

Anadya.

Ine mlongo wanu,
Walusungu